Babu Lotsala la Malume Tadros

Lachisanu limenelo Wagdi anakwera masitepe a kwa Fakhri, amene onse ankamutcha Usta, kutanthauza mmisiri wamkulu, atanyamula zinthu ziwiri: chikwama cha kompyuta paphewa, ndi kanthu kokulungidwa mumpango m'thumba la jekete. Fakhri anayamba n'kuseka chikwamacho. Kanthu ka m'thumbako sanakaone n'komwe.

Chipinda chakecho chinali pamwamba pa shopu ya mipando yakale ku Attarin, mumzinda wa Alexandria, ndipo Lachisanu lililonse anthu akatuluka mumzikiti, okonda mawailesi akale ankasonkhana mmenemo, Asilamu ndi Akhristu omwe. Onse anali opuma pantchito, anthu oti kunyumba anatopa nawo kalekale chifukwa chodzaza pabalaza ndi mawaya. Matenda awo anali amodzi: mababu agalasi aja ankaimbitsa mawailesi ndi zokuzira mawu makedzana. Babu lotere sungalidziwe ndi maso. Likhoza kuyaka bwinobwino, kufiira ngati khala, chonsecho m'kati linatha kalekale. Ndiye pamafunika makina oliyeza, amene amalipatsa magetsi pang'onopang'ono n'kumajambula pagalasi mizere yopindika yosonyeza mphamvu zake. Mizere ikagona pansi, babulo latopa. Ikakwera kupitirira malire, Fakhri ankati m'kati mwalowa mpweya, ndipo tsiku lina lidzakuotchera thiransifoma uli pakati pomvera nyimbo.

Makina odalirika mu Alexandria monse anali amodzi okha, a Fakhri. Anawapanga yekha tsitsi lidakali lakuda, ndi zida zimene anatola pamene ankaphwasula sitima ina kudoko. Anali aakulu ngati kabati ya mbale, ankatenga theka la ola kuti atenthe, ndipo ukawagwira polakwika ankakumenya shoko yoti uiwale dzina la mayi ako. Koma makinawo akanena, nkhani yatha. Panalinso lamulo limene Fakhri ankalinyadira kuposa makinawo: babu likapezeka loipa, silituluka m'chipindamo lili lathunthu. Ankaliphwanya pomwepo ndi kanyundo, mwini wake akuona, magalasi n'kugwera m'chitini cha mafuta ophikira. Ankati ukalibweza kwa mwini wake, mawa lomwelo ukalipeza pamsika wa zakale litapukutidwa, tambwali wina akulumbira pali Mulungu kuti ndi latsopano.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo kanyundoko kanagwira ntchito yaikulu. Bambo ake a Wagdi, amene aliyense ankangowatchula kuti malume Tadros, anakonza zokuzira mawu m'nyumba za kanema kwa zaka makumi anayi. Anali ndi bokosi la mababu akuluakulu osagwirapo ntchito, limene linakhala pamwamba pa wadiropu kuyambira Wagdi ali pasukulu. Atakalamba ndithu, anauza mwana wawoyo kuti atenge mababuwo apange chokuzira mawu, amveko nyimbo mmene zinkamvekera kale. Wagdi anati ayambe akayezetsa. Anabwera nawo madalawo atavala chikhoti chawo cha nyengo yozizira, n'kuwakhazika pampando wa pakona, bokosi lili pamiyendo. Babu loyamba, mizere inathawira kumwamba. Lachiwiri, chimodzimodzi. Fakhri anapukusa mutu n'kunena kuti mphepo ya kunyanja kuno sikhululuka, yawalowa onse. Anaphwanya khumi ndi limodzi, limodzilimodzi.

Malume Tadros sanakuwe. Anangoti, "Makina ako akunama, mwana wanga. Mababuwa ndi abwino."

Anthu anaseka mwaulemu, muja timasekera munthu wamkulu akayamba kusokoneza mayina a zidzukulu. Wina anawathirira tiyi wina. Patapita zaka ziwiri anamwalira, ndipo Fakhri anapita kutchalitchi n'kunyamula nawo bokosi la maliro mtima uli mbee, osadziwa kuti ali ndi mlandu ndi munthu.

Zoyerekeza makina anayambitsa ndi Mayi Enayat, injiniya amene anapuma pantchito ku wailesi ya padoko, mayi wa pakamwa pakuthwa amene gulu lonse linkawaopa. Iwo anali atagula pa okushoni ya koleji ina chimakina cha kufakitale, chakale kwambiri, cholemera moti amuna awiri onyamula katundu anachikweza masitepe akutukwana njira yonse. Wagdi nayenso anali ndi ake. Mwana wake wamkazi wokhala kunja anamutumizira tizipangizo m'kabokosi, iye n'kukhala milungu itatu akulumikiza ndi mtovu, mpaka kanatuluka kamakina kakang'ono ngati buku la m'thumba, kojambula mizere yake pakompyuta. Mayi Enayat anati atopa ndi kumva aliyense akutama ake. Makina onse atatu aikidwe pamalo amodzi, ayeze mababu omwewo, zioneke. Tsikulo kunkagwa mvula ya mphepo ndiye enawo anangokhala kwawo, moti m'chipindamo munali anthu atatu okhawa.

Fakhri anali m'chimake. Ananyamula kamakina ka Wagdi ndi zala ziwiri n'kufunsa ngati m'kabokosimo anaikamonso maswiti. Za chimakina cha Mayi Enayat anati n'chabwino ndithu, chikadzafa adzachipereka kwa asodzi azimangirirapo boti. Mayiwo anamuyankha kuti kabati yakeyo malo ake ndi kumyuziyamu, pafupi ndi mitembo ya mafumu, ndipo mwini wake akhoza kukagona pomwepo osasiyana nayo.

Asanayambe, Fakhri anachita mwambo wake wa Lachisanu lililonse. Anatsegula kabokosi ka thabwa n'kutulutsa babu la chitsanzo, limene anamupatsa mmisiri amene anamuphunzitsa ntchito, Mgiriki wina dzina lake Stavro. Pagalasi la makinawo panali timadontho ta penti yofiira, tosonyeza pamene mizere ya babu limeneli inkafika tsiku limene makinawo anayamba ntchito. Analiika, n'kulisiya likutentha uku iye akupanga tiyi. Atasuzumira anapeza mizere yaperewera pang'ono. Anatenga sikuludiraiva n'kupotoza kasikuluu ka pambali mpaka mizereyo inagunda timadonthoto. Anati chinyezi chimafooketsa makina, ndiye munthu wodziwa ntchito amayenera kumawadzutsa. Mayi Enayat anayang'anitsitsa dzanja lakelo.

Anayamba ndi mababu asanu ogwirapo kale ntchito, otola pamsika. Makina a Fakhri anati onse ali ndi moyo. Kamakina ka Wagdi kanati atatu ndi otopa. Chimakina cha Mayi Enayat chinang'ung'udza kaye, kenako chinatchula atatu omwewo.

"Akhungu awiri akagwirizana, sindiye kuti aona njira," anatero Fakhri.

Anaseka yekha. Tiyi amene anamwa pambuyo pake sanamukomere.

Apa m'pamene Wagdi anapisa m'thumba la jekete n'kuika mpango uja patebulo. Anaufunyulula pang'onopang'ono ngati muli dzira. Fakhri anangoona galasilo n'kulidziwa: babu lalikulu la mapewa otambalala, zilembo zachikasu, ndi kachilembo ka inki kumunsi kwake, kamene malume Tadros ankalemba pa chilichonse chawo. Wagdi anafotokoza maso ali patebulo. Mchemwali wake, patatha zaka zonsezi, anali atalimba mtima kuti akhuthule wadiropu apereke zovala kutchalitchi. M'thumba la chikhoti cha nyengo yozizira chija anapezamo ichi. Bokosi lija linali la mababu khumi ndi awiri. Tsiku lija, anthu ali kalikiliki kuseka ndi kuthira tiyi, madalawo anabisa limodzi.

Fakhri sanafunikire womuuza tanthauzo lake. Babu ili likapezeka labwino, ndiye kuti khumi ndi limodzi aja analinso abwino, ndipo munthu amene anamuseka m'chipinda chomwechi ndiye ankanena zoona. Anayesa nthabwala, anati malume anali ochenjera ngati mphaka, koma mawu anatuluka opyapyala. Analitenga babulo n'kuliika pa makina ake, ndipo koyamba chipangireni makinawo anaphonya tibowo n'kuchita kuyambiranso.

Linayaka. Mizere yobiriwira inadzuka pagalasi, inakwera, inadutsa malire n'kukasowera pamwamba.

Mtima wa Fakhri unakhala pansi. Anati mwaona, n'chimodzimodzi abale ake aja. Dzanja lake, mwachizolowezi, linapita lokha pamene pamakhala kanyundo. Linakagunda chikwama cha Mayi Enayat. Anali atachikhazika pamwamba pa kanyundoko, ndipo anamuyang'ana m'maso osaphethira mpaka anabweza dzanjalo.

Wagdi anasamutsira babulo pa kamakina kake. Kamakinako kanali ndi luso limodzi limene Fakhri anali atangoliseka kumene: kankayamba kaonetsa mizere yotuwa, yochokera m'buku la fakitale imene inapanga babulo, kenako n'kujambula yake pamwamba. Kanalira kuti the, the, the. Mzere woyamba unagona ndendende pa wotuwa uja. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, wachinayi, mpaka womaliza, ngati mwana wasukulu wachita kudinda.

Mayi Enayat analitenga ndi nsalu chifukwa linali likutentha, n'kuliika pa chimakina chawo. Mizere inatuluka yomweyo. Anadina batani lina loyezera mpweya wa m'kati, onse atatu n'kuwerama pa kasingano ka mita. Kasinganoko sikanasunthe ngakhale pang'ono. Babulo linali latsopano ngati lachoka kufakitale dzulo.

Fakhri anangoti kakasi, sikuludiraiva ili m'manja. Pansi panadutsa sitima ya mumsewu, mawindo n'kunjenjemera, ndipo iye anaimva ngati ikudutsa kutali kwambiri. Ankayang'ana pagalasi la makina ake, n'kuyang'ana pakompyuta, n'kubwereranso, ngati china chisintha maganizo.

Amene anamumvera chisoni ndi Wagdi, tangoganizani. Anakanda m'mutu n'kunena kuti mwina iye ndi amene analumikiza molakwika, paja maso ake masiku ano ndi a nkhuku, ndipo tizinthu tobwera m'mabokosi iti sitidalirika. Anati nacho chimakina cha a Injiniya chakhala m'chipinda chosungira katundu zaka zambirimbiri, dzimbiri lokhalokha. Mayi Enayat anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, zimene palibe anaziona chiyambire. Fakhri akanangovomera, nkhani ikanathera pomwepo, aliyense n'kunyamula makina ake.

Sanavomere. Musaganize kuti chinali chilungamo, ayi, kunali kunyada. Kumveredwa chisoni kunamuwawa kuposa kutsutsidwa. Anamenya tebulo n'kunena kuti iye safuna kupepesedwa ngati mwana, makina ake sanganame chifukwa amawayeza ndi babu la Usta Stavro Lachisanu lililonse, zaka makumi atatu ndi zisanu osaphonyapo.

"Lachisanu lililonse?" anafunsa Mayi Enayat, mawu ali pansipansi.

"Lililonse."

"Ndipo mumalisiya likuyaka mpaka tiyi apse."

"Nanga munthu angayeze babu lozizira?"

"Mizere ikaperewera, mumapotoza kasikuluu kaja."

"Mwaona nokha. Kawiri kapena katatu pachaka."

"Usta, zaka zonsezi, munapotozerapo kumanzere?"

Fakhri anaganiza. Anabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, dzanja lake likupotoza m'malere lokha. Kumanja. Nthawi zonse kumanja, kokweza. Chinyezi chimabwera n'kupita, nyengo yotentha makina akanafuna kubwezedwa. Iye sanabwezepo ngakhale kamodzi.

Anatenga yekha babu la Stavro m'kabokosi ka thabwa. Sanapemphe. Anakankha Wagdi ndi chigongono n'kuliika pa kamakina kamene anakanyoza kaja. The, the, the. Mizere yotuwa ya m'buku inaima pamalo pake, ndipo ya babu la Stavro inakwawa pansi pake, kutali, yogonagona. Mayi Enayat anawerenga manambala n'kunena kuti latsala ndi mphamvu zongopitirira theka pang'ono.

Fakhri anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando. Mwamwayi unalipo. Chimene chinkafooka sanali makina. Linali babu la chitsanzolo, limene iye mwini ankalitopetsa sabata ndi sabata polilemekeza. Likatsika, iye ankakweza makina kuti alipeze. Ndiye makinawo anazolowera kuona babu lotopa ngati lamphamvu, ndipo lamphamvu lenileni likabwera, mizere inkathawira kudenga. Mababu ambiri amene anthu ankabweretsa anali otola pamsika, otopa kale, n'chifukwa chake zonse zinkaoneka bwino. Koma munthu akabwera ndi chuma chenicheni, chosungidwa m'bokosi mwake, chosakhudzidwa, chimenecho ndiye chinkakumana ndi kanyundo.

Maso ake anapita pa chitini cha mafuta chija pansi pa tebulo. Chinali chodzaza theka. Anayesa kukumbukira kuti wachikhuthula kangati, koma analephera. Nkhope zinayamba kubwera: dokotala wa mano uja anabweretsa anayi a m'bokosi la agogo ake, mphunzitsi uja anakwera sitima kuchokera ku Tanta, mayi wamasiye uja anafuna kudziwa ngati za mwamuna wake zili ndi ntchito. Onse anatsika masitepe akuthokoza kuti wawapulumutsa. Paja amati wamisala anaona nkhondo. Koma malume Tadros sanali amisala, misalayo anachita kuwapangira m'chipinda chino, ndipo amene anayamba kuseka anali iyeyo. Anachita manyazi oti anafuna pansi patseguke.

Mayi Enayat anazimitsa makina onse atatu. Kenako anapita pawindo n'kumayang'ana mvula, nkhope atalozetsa kunja.

Fakhri anatembenukira kwa Wagdi.

"Achimwene, ndinakuphwanyirani mababu abwino khumi ndi limodzi. Malume ananena zoona. Ndikhululukireni."

Anawonjezera zambiri mobalalika. Anati alembera makalata anzake a ku Cairo ndi ku Beirut, afufuza paliponse, ngakhale zimutengere moyo wake wonse awapeza ena a mtundu womwewo. Anati Lachisanu likudzali aimirira pamaso pa gulu lonse n'kunena yekha, asachite kumvera kwa wina. Ankayembekeza kuti Wagdi akalipa, ndipo ankafuna kuti akalipe, amutukwane, amuponyere kapu, chilichonse.

Wagdi sanakalipe. Anali atakhala pampando wake manja ali pakati pa mawondo, nkhope itatuwa. Apa m'pamene Fakhri anazindikira kuti mnzakeyo ponyoza kamakina kake komwe sankapulumutsa Fakhri ayi. Iyenso ankafunitsitsa kuti babulo lipezeke loipa.

"Za mababu zisiyeni, Usta," anatero Wagdi.

Kenako anafotokoza, mawu osakwera osatsika. Tsiku lija atabwerera kunyumba, madalawo anakana kudya. Ankangobwereza kuti mababu anali abwino. Wagdi anaitana mchemwali wake kukhitchini n'kumuuza kuti bambo mutu wayamba kuchoka, sakuthanso kusiyanitsa chamoyo ndi chakufa, ndipo akapitiriza kuseweretsa magetsi tsiku lina adzawapeza atauma pansi. Madalawo anali ndi kachipinda kawo kogwiriramo ntchito kuseri kwa nyumba, kamene ankalowamo m'mawa uliwonse chipumireni pantchito, kukonza mawailesi a anthu oyandikana nawo. M'mawa mwake Wagdi anagula loko n'kukhoma kachipindako. Kiyi anaika pa makiyi a galimoto yake.

"M'mawa uliwonse ankameta ndevu, kuvala malaya oyera, n'kukaima pakhomo paja. Ndikamapita kuntchito ankandipempha kiyi. Sankakalipa. Ankangoti, Wagdi, mwana wanga, mutu wanga uli bwino."

Fakhri anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Inu munkawayankha chiyani?"

"Ndinkati makina a Usta Fakhri sanama."

Mayi Enayat anaika dzanja pakamwa, osatembenuka. Fakhri anadziwa kuti funso lotsatiralo sayenera kulifunsa, koma linatuluka lokha.

"Anapempha mpaka liti?"

"Zaka ziwiri," anatero Wagdi. "Anamwalira Lachinayi. Komaliza anapempha Lachiwiri."